Odwala mphumu nawonso tiwapatse tsiku lawo

Chiperoni chikayamba kutsika mu Juni, ife ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono za kummwera kuno timadziwiratu amene adzatigogodere usiku. Ndi omwe aja a chaka chatha. Mwana wa sukulu wobwera pa kabaza atapanikizidwa pakati pa woyendetsa ndi amayi ake, mapewa ali m'mwamba, m'chifuwa mukulira likhweru. Bambo wa kuchigayo amene akulephera kumaliza ndi moni womwe. Agogo amene achezera chokhala atatsamira khoma, poti akati agone chagada mpweya ukuwathawa. Timawathandiza, phuma limatsika, kukacha amathokoza n'kumapita. Pakatha milungu ingapo abweranso. Mukatsegula buku lawo la kuchipatala mupeza masamba odzaza ndi zolemba za manja osiyanasiyana koma mawu ake amodzimodzi: mphumu, salbutamol, prednisolone, mwinanso amoxicillin wongowonjezera kuti wodwala asaone ngati wabwerera chimanjamanja.

Ndine namwino, ndipo zaka zanga zambiri za ntchito zathera pa zipatala zotere, zimene dokotala wake amakhala mmodzi pomwe mzere wa odwala wakafika pa mtengo wa mango. Kupulumutsa munthu wobanika timakudziwa ndithu. Chimene sitichita ndi kusamalira mphumuyo pa masiku amene munthu akupuma bwino, chikhalirecho masiku amenewo ndi amene amagamula ngati adzabwerenso usiku kapena ayi.

M'mapapo a munthu wa mphumu mumachitika zinthu ziwiri. Choyamba, tinjira todutsa mpweya timakhala totupa mkati mwake ndipo timatulutsa makhololo ambiri. Chachiwiri, minofu yozungulira tinjirato imafinya mwadzidzidzi ikakumana ndi utsi, fumbi, mphepo yozizira kapena chimfine. Kufinyako ndi kumene anthu amakuona ndi kukuopa. Kutupako sikuoneka, ndipo kumakhalapo ngakhale pamene mwana akusewera phada panja. Kuli ngati moto wa pa mulu wa mankhusu a mpunga, pamwamba phulusa lokhalokha koma pansi ukunyeka. Salbutamol, amene amabwera mu inhela ya buluu ija (kachipangizo kopopera mankhwala m'kamwa), amamasula minofu yofinyayo m'mphindi zochepa ndipo mphamvu yake imatha pakapita maola anayi kapena kuposerapo pang'ono. Kutupako saakukhudza n'komwe. Wokhudza kutupa ndi beclometasone, amene nthawi zambiri amabwera mu inhela ya bulauni, ndipo ameneyu ndi wopopera tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, kaya munthu wabanika kaya ayi.

Apa ndi pamene pamavuta kufotokoza. Inhela ya buluu imadzichitira yokha umboni: wapopa, wapuma. Ya bulauni ukapopa sumva kanthu. Phindu lake limaoneka pakatha masabata, ndipo phindulo ndi zinthu zimene sizinachitike, monga usiku umene mwana sanadzuke ndi chifuwa kapena ulendo wa kabaza umene sunalipiridwe. Munthu amene sanauzidwe zimenezi amaipopa masiku atatu, n'kunena kuti iyi ndi yopanda mphamvu, n'kuiponya pa windo. Sindimuimba mlandu. Inenso nditapatsidwa mankhwala osamveka m'thupi popanda wondiuza ntchito yake, ndikhoza kuwasiya.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mu 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni pa dziko lonse anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anamwalira nayo, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka monga lathu. Chaka chomwecho bungwe la GINA, limene limalemba malangizo a kasamalidwe ka mphumu amene mayiko ambiri amatsatira, linasintha zimene linakhala likunena kwa zaka zambiri. Linati achinyamata ndi akuluakulu asamathandizidwenso ndi salbutamol yekha, ngakhale mphumu yawo ioneke yaing'ono, chifukwa kudalira mankhwala omasula okha popanda ochepetsa kutupa kumaika munthu pa ngozi ya kubanika koopsa. Munthu amene akumaliza mainhela a buluu atatu kapena kuposa pa chaka, ndiye kuti mphumu yake siinagwidwe bwino. Tsono ife kuno ambiri sitinafike ngakhale pa inhela ya buluuyo. Tikadali pa mapiritsi a salbutamol ndi aminophylline, amene amachedwa kugwira ntchito, amanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima, chifukwa amayamba azungulira thupi lonse asanafike ku mapapo kumene akufunika.

Chodabwitsa n'chakuti odwala ambiri amakonda mapiritsiwo kuposa inhela. Tsiku lina ndinatulutsa inhela kuti ndipatse mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo amayi ake anandigwira dzanja.

"Pepani anamwino, chimenecho ayi. Akachiyamba sadzachisiyanso. Ndipo akuti chimafoola mtima."

"Mayi, anakuuzani ndani zimenezi?"

"Malume ake anamwalira chili m'manja."

Mawu ngati amenewa sayenera kusekedwa, chifukwa mayiyo anaonadi zimene akunenazo. Kwa nthawi yaitali inhela inkaperekedwa kwa munthu amene matenda afika pa kayakaya, choncho anthu anaiona m'manja mwa odwalitsitsa ndi omwalira, n'kuiphatikiza ndi imfa. Malume aja mwina anali ndi ya buluu yokha, ankaipopa kambirimbiri pa tsiku kutupa kukukulirakulira mkati, mpaka tsiku limene inalephera. Ndinakhala nawo pansi mayiwo, n'kuwaonetsa kuti piritsi limodzi la salbutamol la 4 mg lili ndi mankhwala ochuluka kuwirikiza 40 kuposa kupopa kamodzi kwa inhela, kumene kumatulutsa 100 mcg basi (1 mg ndi 1,000 mcg). Ngati akuopa za mtima, choyenera kuopedwa kwambiri ndi piritsilo. Anavomera kuti tiyese mwezi umodzi. Kukambirana kumeneku kunatenga mphindi mwina khumi ndi zisanu, ndipo pa tsiku la Lolemba m'mawa, mzere uli panja, mphindi zoterozo palibe amene ali nazo.

Ngakhale munthu atavomera inhela, nkhani siinathe. Kupopa ndi kukoka mpweya pa nthawi imodzimodzi n'kovuta ngakhale kwa wamkulu. Ndaona ena akupopera pa lilime n'kumeza malovu, ena akupopa kenako n'kupumira kunja, wina akudzipopera pa chifuwa pamwamba pa malaya ngati perefyumu, poti ululu unali pamenepo ndipo palibe anamuuza kuti kachipangizoka n'ka m'kamwa. Mankhwala ambiri amathera pa mmero. N'chifukwa chake pamafunika sipesa, kachitini kolumikiza inhela ndi pakamwa kamene kamasunga mankhwala kwa kanthawi kuti munthu awakoke mwa kupuma kwake kwa masiku onse. Ya m'famase ndi yodula ndipo kumudzi simungaipeze. Koma mu 1999 madokotala a ku Cape Town, motsogozedwa ndi Heather Zar, anasindikiza m'magazini ya The Lancet kafukufuku woonetsa kuti botolo la pulasitiki la 500 ml limagwira ntchito mofanana ndi sipesa yogula pa ana obanika, pamene kapu ya pulasitiki yofewa, imenenso anaiyesa ngati sipesa, inalephera kufikapo.

Botolo la chakumwa chozizira, lomwe lija limatayidwa pa depoti. Mumaboola kunsi kwake bowo lofanana ndi kukamwa kwa inhela, makamaka ndi waya wotenthetsa pa moto wopindidwa molingana ndi kukamwako, kuti inhela ilowe mothina. Mumalitsuka ndi madzi a sopo n'kulisiya liume lokha osalipukuta, chifukwa pulasitiki yopukutidwa ndi nsalu imakoka mankhwala n'kuwamata m'mbali, mwa mphamvu yomwe ija imene imachititsa bolopeni yokhula ku tsitsi kunyamula timapepala. Pogwiritsa ntchito, mumakhutchumula inhela, n'kuilowetsa pa bowo, wodwala n'kuvumata kukamwa kwa botolo. Mumapopa kamodzi kokha, iye n'kupuma bwinobwino kasanu mkati mwa botolomo. Ngati pakufunika kupopa kachiwiri, mumakhutchumulanso n'kubwereza. Kupopa kanayi motsatizana kenako n'kupuma ndi kuwononga mankhwala. Akamaliza ya bulauni achukuche m'kamwa ndi madzi n'kulavula, kupewa zilonda zoyera za m'kamwa ndi kusasa mawu. Kwa khanda losatha kuvumata botolo pamafunika kachigoba kophimba mphuno ndi pakamwa.

Kunena zoona, ambiri a ife anamwino tinaphunzira za mainhela pa bolodi, osaigwirapo. Ndiye tingaphunzitse bwanji chimene manja athu sanachitepo?

Ku Blantyre anayesapo kuona ngati kuphunzitsa kotereku kuli ndi phindu loyezeka. Pa chipatala cha Queen Elizabeth anatenga ana 120 a zaka 6 mpaka 15 odwala mphumu n'kuwagawa pawiri. Gulu lina linkalandira chithandizo cha masiku onse. Gulu linalo linkayezedwa mokwanira, kukonzeredwa mankhwala opopera moyenera, ndiponso mwana aliyense ndi womusamalira wake ankaphunzitsidwa payekha za mphumu. Zotsatira zinatuluka mu 2021 m'magazini ya Thorax. Patatha miyezi itatu, ana a gulu lachiwirili mphumu yawo inali itagwidwa bwino, ankathamangira ku chipatala mwadzidzidzi kochepa, ndipo ankajomba ku sukulu kochepa. Chimene chinandigwira mtima ine n'chakuti ophunzitsawo sanali madokotala. Anali anthu wamba amene anaphunzitsidwa ntchito imeneyi. Ndiye kuti mphindi khumi ndi zisanu zija siziyenera kuchoka kwa dokotala wa mzere wautali uja.

Ndipo ife Amalawi izi si zachilendo kwa ife. Kuyambira 2004, pamene ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma, tinaphunzira kusamalira matenda a moyo wonse pa chipatala cha kumudzi. Wodwala ali ndi khadi lake losungidwa pa chipatala. Ali ndi tsiku lobwerera. Asanayambe mankhwala amakhala pansi n'kuphunzitsidwa, pamodzi ndi womuyang'anira wake. Pali anzake amene akumwa kale mankhwalawo amene amamulimbikitsa, ndipo akajomba pali womulondola kunyumba. Mankhwala ake amawerengedwa mwezi ndi mwezi. Palibe amene amauza munthu wa ma ARV kuti "mudzabwere mukadzadwala". Koma wa mphumu timamuuza zimenezo tsiku ndi tsiku. Ku Neno anaona kupanda nzeru kwa zimenezi, ndipo kuyambira 2015 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Partners In Health, limene kumeneko amalitcha Abwenzi Pa Za Umoyo, anaphatikiza kiliniki ya HIV ndi ya matenda ena okhalitsa. A BP, a shuga, a khunyu, a mphumu ndi a ma ARV amakhala pa benchi imodzi, kuonedwa ndi ogwira ntchito amodzimodzi, aliyense ndi khadi lake.

Pa chipatala chathu sitinadikire bungwe. Tinasankha Lachinayi masana, nthawi imene mzere umakhala utaphwa, n'kugula kope la chikuto cholimba. Aliyense wobwera usiku atabanika amalembedwa m'kopemo ndipo amauzidwa kuti abwere Lachinayi lotsatira, ngakhale atakhala kuti wachira, atatenga inhela yake, botolo lake ndi munthu amene amagona naye nyumba imodzi. Akabwera timafunsa mafunso anayi okhudza milungu inayi yapitayo. Kodi mwabanika kapena kutsokomola masana kuposa kawiri pa sabata? Kodi mphumu yakudzutsanipo usiku? Kodi ya buluu mwaipopa kuposa kawiri pa sabata? Kodi pali ntchito kapena masewera amene mwalephera chifukwa cha chifuwa? Mafunsowa si athu, ndi a GINA omwe aja, ndipo mlangizi wa zaumoyo aliyense akhoza kuwafunsa. Funso lakuti "muli bwanji?" silithandiza, chifukwa Mmalawi amayankha kuti "ndili bwino" ngakhale atachezera usiku wonse. Anthu ambiri anazolowera kudzuka ndi chifuwa moti amaona ngati ndi mmene moyo wawo uyenera kukhalira.

Kenako timati, "Tationetsani mmene mumapopera." Osati kufunsa ngati amadziwa, poti aliyense amati amadziwa. Amapopa ife tikuona, timakonza, amabwerezanso. Mwezi wotsatira timaonanso, chifukwa manja amaiwala. Amene amaphunzitsa bwino kuposa tonsefe ndi mayi wina amene mwana wake anali mlendo wathu wa usiku kwa zaka. Iye akauza mnzake kuti "inenso ndinkaopa, koma taonani mwanayu chaka chino sanagonekedwepo", mawu ake amalowa pamene anga ovala yunifomu sangalowe.

Chinthu china chimene timalemba ku chikuto cha buku la kuchipatala, m'Chichewa ndi m'zilembo zazikulu, ndi chochita zinthu zikavuta. Munthu akabanika akhale tsonga, asagonekedwe. Wamkulu kapena mwana wa msinkhu wa sukulu apope ya buluu kudzera m'botolo kanayi mpaka khumi, kamodzikamodzi, ndipo akhoza kubwereza pakatha mphindi 20 zilizonse mu ola loyamba. Ngati akulephera kumaliza chiganizo, ngati mwana akulephera kuyamwa kapena kumwa, ngati nthiti zikulowa mkati, milomo yasintha mtundu kapena wayamba kuodzera, anyamuke nthawi yomweyo, akupopa m'njira. Ndimatsindika kwambiri chimodzi: likhweru la m'chifuwa likasiya koma munthu akuvutikabe kupuma, si kuchira kumeneko. Ndiye kuti mpweya wodutsa wachepa moti sukuthanso kulira. Mabanja ena anachedwa pa chifukwa chimenechi, poganiza kuti mwana wapeza bwino wagona. Timapemphanso makolo kuti akauze aphunzitsi, kuti inhela izikhala m'chikwama cha mwana osati m'kabati ya kunyumba, ndiponso kuti asamuletse mpira. Mwana amene mphumu yake yagwidwa bwino amathamanga ngati anzake.

Za zoyambitsa kubanika ndimalankhula mosamala, chifukwa n'kosavuta kulalikira zosatheka. Mabanja oposa asanu ndi anayi pa khumi aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Kuuza mayi kuti "pewani utsi" ndi kumuuza kuti asaphike. Ngakhale mbaula zamakono si yankho lachidule monga tinkaganizira. Kafukufuku wamkulu wa CAPS amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000 anapeza kuti mbaula zotulutsa utsi wochepa sizinachepetse chibayo mwa ana aang'ono. Anali kufufuza chibayo osati mphumu, komabe zinatiphunzitsa kuti utsi umene mwana amapuma suchokera ku mafuwa okha. Ndiye timakambirana zotheka. Mwana wa mphumu asamabelekedwe kumbuyo pophika m'khitchini yotseka. Mbaula isalowe m'chipinda chogona mu Julayi, ngakhale kuzizire bwanji. Awaze madzi asanasese. Abambo akasute kutali. Mankhwala ofukiza a udzudzu alowedwe m'malo ndi neti. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pamene tchire likupsa, mauvuni a njerwa akufuka ndipo fumbi lili ponseponse, ya bulauni isadumphidwe ngakhale tsiku limodzi. Bambo wa kuchigayo uja sangasiye ntchito, koma akhoza kuphimba mphuno ndi kuima ku mbali yochokera mphepo.

Kope lija linatithandizanso mwa njira imene sitinaiyembekezere: linatulutsa anthu amene sanali a mphumu. Munthu akamabwera mwezi ndi mwezi umayamba kuona zimene usiku umodzi sungaone. Wina ankaonda ndi kutuluka thukuta usiku, makhololo atayezedwa anapezeka ndi chifuwa chachikulu. Agogo ena miyendo inali yotupa, vuto linali mtima. Ena anadwalapo TB kale ndipo mapapo anatsala ndi zipsera. Kumbali inayo, tinapeza ana amene analembedwa "chibayo" kasanu ndi kawiri konse n'kumamwa amoxicillin, pamene chinali mphumu. Tinapezanso mayi wa mphumu amene ankalandira propranolol wa BP pa windo lomwelo la mankhwala, pomwe mankhwala amenewa amafinya tinjira ta mpweya. Aspirin ndi brufen nawonso amabanikitsa anthu ena a mphumu, ndipo awa amagulidwa pa okala popanda wofunsa. Amayi oyembekezera ambiri amasiya inhela poopa kuvulaza mwana, chonsecho chimene chimaika mwana wa m'mimba pa ngozi ndi mayi wosowa mpweya.

Pali funso limene anzanga amandifunsa, ndipo ndi lachilungamo. Amati, kuphunzitsa anthu za inhela ya bulauni kuli ndi phindu lanji pamene m'famase mwathu imapezeka mwa apo ndi apo? Beclometasone ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira, koma kukhala pa mndandanda ndi kukhala pa shelefu ndi zinthu ziwiri. Imathadi, ndipo palibe chopweteka ngati kuuza mayi amene wamvera zonse, mwana wake wagona bwino miyezi itatu, kuti mwezi uno kulibe, akagule. Ku famase za m'tauni mtengo wake ndi wosafikirika kwa wolima chimanga cha pakhomo, osawerengera thiransipoti.

Koma nditayang'anitsitsa mmene mankhwala amaitanitsidwira ndinaona kuti mbali ina ya vutoli timaipanga tokha. Mankhwala amatumizidwa potengera zimene chipatala chinagwiritsa ntchito miyezi yapitayo. Dokotala salemba beclometasone chifukwa akudziwa kuti kulibe. Poti sanalembedwe, lipoti la mwezi limaonetsa kuti palibe anamufuna. Poti palibe anamufuna, satumizidwa, kapena atumizidwa ochepa n'kukhala m'katoni mpaka tsiku lake lotha ntchito litakwana chifukwa aliyense anaiwala kuti alipo. Akuluakulu akaona zimenezo amati chipatala ichi sichifuna mainhela. Odwala mphumu sawerengedwa paliponse monga amawerengedwera a malungo kapena a TB, ndipo wosawerengedwa sagulidwira mankhwala.

Ndiye tsopano dokotala wathu amalemba beclometasone kwa aliyense womufunikira, alipo kapena palibe, ndipo wa ku famase amalemba m'kope lake aliyense amene wabwerera osalandira. Inhela imodzi imakhala ndi mapopedwe 200, choncho munthu wopopa kawiri m'mawa ndi kawiri madzulo imamukwanira masiku 50. Tikachulukitsa ndi mayina a m'kope la Lachinayi timadziwa chiwerengero chenicheni choti tiitanitse, ndipo papepala loitanitsira timamata tsamba la mayina a midzi ndi kuchuluka kwa odwala m'mudzi uliwonse. Oda ya miyezi yozizira timaitumiza mu Epulo, kuti pofika Lachiwiri loyamba la Meyi, limene ndi tsiku lokumbukira mphumu pa dziko lonse, tikhale tikudziwa ngati katoni yabwera kapena tiyambe kuimba mafoni ku zipatala zoyandikana nazo kuti atibwereke.